Kuweta nsomba m'galasi: Chinsinsi chagona pa madzi

Alimi a nsomba a m'chigwa cha Domasi ali ndi chizolowezi chimene mlendo angachione ngati kusowa chochita. Kukacha, asadagwire khasu kapena kumwa tiyi, amayamba apita kudziwe n'kukaima chilili m'mbali, maso ali pamadzi. Sawerenga nsomba, popeza nsombazo sizioneka n'komwe. Amayang'ana mtundu wa madzi, amaona ngati dziwe laphwera usiku, komanso ngati pali nsomba zimene zikuyasamula kukamwa pamwamba.

Zikamayasamula choncho, mlimi amadziwa kuti mpweya watha m'madzimo, ndipo akazengereza kutsegula ngalande yolowetsa madzi atsopano, dzuwa likamakwera akhala akutola zakufa.

Lusoli lidazika mizu kalekale m'derali. Anthu ambiri amaidziwa Domasi kaamba ka mishoni imene m'busa Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula m'chaka cha 1884 m'dera la mfumu Malemia, komanso kaamba ka sukulu zosula aphunzitsi. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 boma lidakumbanso maiwe oyeserera ulimi wa nsomba kumeneku, ndipo malowa ndiwo adakula n'kukhala National Aquaculture Centre, likulu la kafukufuku wa ulimi wa nsomba pansi pa nthambi ya zausodzi. M'zaka za m'ma 1980 kudabwera akatswiri a bungwe la ICLARM, lomwe pano limatchedwa WorldFish, kenako a JICA a ku Japan. Makumba, chilunguni ndi milamba zimene zili m'maiwe a alimi ambiri m'maboma a Zomba ndi Machinga, makolo ake adachokera kumeneku.

Masiku ano kwabwera chilakolako china. M'mahotela ndi m'maofesi ena m'mizinda muli mathanki agalasi momwe tinsomba tamawangamawanga timayandama mwaulemu. Amene adapitako ku Joni adaziona m'mashopu. Ana nawo amaziona pafoni: nsomba zofiira, zachikasu, zabuluu, zikuzembazemba pakati pa miyala yooneka ngati dimba la maluwa. Ndiye banja la pa Songani, ku Liwonde kapena ku Balaka limene lamanga nyumba yabwino limayamba kufunsa kuti, kodi zoterezi sizingatheke pabalaza pathu?

Zingatheke ndithu. Koma mwa mathanki onse, imene imakopa maso kwambiriyo, ya madzi amchere ndi makorali, ndiyo yovutitsitsa padziko lonse. Ndipo chimene chimapha nsomba zake n'chomwecho chimene mlimi wa ku Domasi amadzukira m'mamawa: madzi.

Mwala wamoyo

Munthu akaona makorali koyamba amayesa miyala, mwinanso zomera. Komatu ndi nyama. Ndi tizamoyo tofewa, ting'onoting'ono, tokhala m'chigulu, timene timatenga laimu wosungunuka m'madzi n'kumangira timanyumba tolimba. Tina tikafa, tinzake timamanga pamwamba pake, mpaka pakatha zaka zikwizikwi pamakhala thanthwe lotalika makilomita ambiri pansi pa nyanja.

Matanthwe otere oyandikira dziko lino ali m'gombe la Mozambique, cha ku Nacala, ku Pemba ndi kuzilumba za Quirimbas, kumene kumathera njanji ija yodutsa pa Liwonde ndi pa Nayuchi ndi kumpoto kwake.

M'thupi mwa makorali ambiri mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa, monga achitira masamba a chimanga. Makorali amapereka nyumba, ndere zimalipira lendi ya chakudya, ndipo n'zomwezo zimene zimawapatsa mtundu. Madzi akatentha kupyola mwa masiku onse ndi digiri 1 kapena 2 kwa masabata angapo, ubalewu umasokonekera. Makorali amathamangitsa nderezo, amayera mbee ngati ufa woyera, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala.

Izi zidachitika m'nyanja zambiri m'chaka cha 1998, pamene matanthwe a kugombe la kum'mawa kwa Africa adaonongeka koopsa. Zidabwereranso mu 2016 ndi mu 2024. Ngati nyanja yaikulu ija imalephera kuteteza makorali ake ku madigiri awiri, nanga kathanki ka pabalaza la nyumba ya malata m'mwezi wa Okotobala?

Mchere wake si wa m'ndiwo

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35. Thanki ya malita 200, yomwe kwa odziwa ndi yongoyambira, imafuna makilogalamu 7 tsiku loyamba lokha.

Apa m'pamene ambiri amayambira kuphonya. Mchere wogula pamsika uja ndi mbali imodzi chabe ya zimene zili m'madzi a m'nyanja. Mulinso kashiamu, maginiziyamu ndi michere ina yambiri imene makorali amamangira matupi awo. Oweta amagula mchere wosakaniza kale kufakitale, umene umabwera m'ndowa kuchokera kunja, ndipo wa kuno ayenera kuitanitsa ku South Africa kapena kutsidya la nyanja. Ukatha pakati pa mwezi, palibe wokabwereka kwa aneba.

Madzi osungunulira mcherewo nawo ali ndi mwambo wake. A pampopi amakhala ndi klorini, mankhwala amene amateteza anthu ku kolera koma amaotcha ziwalo zopumira za nsomba. A pamjigo kapena pachitsime amatha kukhala ndi zotsalira za feteleza wa m'minda, zomwe m'thanki zimameretsa ndere mpaka galasi kuda bii. N'chifukwa chake oweta makorali amakhala ndi kamakina kosefa madzi kotchedwa reverse osmosis, kamene kamakankha madzi pakansalu kothina zedi. Kuti katulutse lita imodzi yabwino kamataya malita angapo, nkhani yosakoma kwa banja limene limalipira madzi pa mita.

Pali kulemeranso. Malita 200 a madzi ndi makilogalamu oposa 200, kufanana ndi matumba 4 a chimanga, osawerengera miyala, mchenga ndi galasi lenilenilo. Tebulo la kalipentala wa pamsika lopangidwira wailesi yakanema silingathe. Likapendekeka pang'ono chabe, galasi limang'aluka usiku wina anthu ali mtulo.

Phunziro la nyanja ya Chilwa

Anthu a ku Domasi safunika buku kuti amvetse vuto lalikulu la madzi amchere, chifukwa chitsanzo ali nacho kumunsi kwa mtsinje wawo. Mtsinje wa Domasi umachokera pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa, umadutsa pamishoni, umathirira mpunga kumadambo, kenako umakathira m'nyanja ya Chilwa.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, koma njira yotulukira ndi imodzi yokha: kuuma ndi dzuwa. Madzi akamauma amapita okha, mchere umatsala. N'chifukwa chake madzi a Chilwa amamveka kamchere, ndipo nyanjayo ikamaphwera mcherewo umanka nukula. Asodzi a pa Kachulu amadziwa kuti nsomba zimayamba kufa kapena kuthawira kumathiriro a mitsinje madzi asadatheretu. Zidatero pamene nyanjayi idauma mu 1968 ndi mu 1995, komanso pamene idaphwera kwambiri mu 2012 ndi mu 2018.

Thanki ya pabalaza ndi Chilwa wamng'ono. Tsiku lililonse madzi amauma, mwina lita imodzi, mwina awiri nyengo yotentha, ndipo otsalawo amanka nawawa mchere. Woweta wosadziwa akaona madzi atsika amasungunula mchere wina n'kuthiramo, poganiza kuti akubwezera zimene zachoka. Uku ndi kupha nsomba ndi chikondi. Chachoka ndi madzi okha, choncho obwezera ayenera kukhala madzi opanda mchere, ndipo azithiridwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, osati ndowa yonse Loweruka.

Madzi amchere atsopano amalowa pokhapokha munthu wachotsa dala ena akale. Ambiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata kapena pa masabata awiri. Pa thanki ya malita 200 imeneyo ndi ndowa ya malita 20, kutanthauza magalamu 700 a mchere wa kunja uja ulendo uliwonse. Kuchuluka kwa mchere sakuyeza ndi lilime ayi. Pali kachipangizo koikapo dontho la madzi n'kusuzumira ngati wa mfuti, ndipo kameneko n'kofunika kugula nsomba isadagulidwe.

Antchito osaoneka

Amene adalowapo m'khola la nkhuku losasesa amalidziwa fungo lija lobaya m'mphuno. Limenelo ndi la amoniya. Nsomba nazo zimatulutsa amoniya m'madzi momwe zikukhalamo, ndipo chakudya chotsala chikavunda chimaonjezera. M'nyanja zimenezi zimasungunuka n'kutayika. M'bokosi lagalasi zilibe kolowera, ndipo amoniya wochepa kwambiri ndi wokwanira kupha nsomba.

Amene amapulumutsa zinthu ndi mabakiteriya. Gulu lina limadya amoniya n'kumusandutsa nayitiraiti, yemwenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa ameneyo kukhala nayitireti, mchere womwe uja uli mu feteleza wa CAN, amene nsomba zimapirira akakhala wochepa. Kusintha madzi kwa pa sabata kuja ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa ameneyu.

Mabakiteriyawa sakhala m'madzi, amamatirira pamiyala, pamchenga ndi m'masiponji a sefa. Ndipo sabwera tsiku limodzi. Thanki yatsopano imayenera kuyenda yopanda nsomba kwa masabata 4 mpaka 6, mapampu akulira, mwini wake akungothiramo kachakudya pang'ono kodyetsa antchito osaonekawo ndi kumayeza madzi. Alendo amabwera n'kumafunsa kuti nsomba zake zili kuti, ana amanyinyirika, ndipo apa m'pamene ambiri amagonja n'kukagula nsomba khumi kamodzi. Pakatha sabata zonse zagada. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani iyi sadaname.

Mayi waukhondo naye akhoza kuononga zonse tsiku limodzi. Akachotsa miyala ndi masiponji n'kuzikwecha ndi sopo pampopi kuti ziwale, wapha mabakiteriya onse, ndipo thankiyo yabwerera pa tsiku loyamba nsomba zili momwemo. Siponji amangoitsukuluza m'madzi akale ochokera m'thanki momwemo. Ndowa ya nsomba ikhale yakeyake, yosalawa sopo chiigulireni.

Chosangalatsa n'chakuti padziwe zinthu zimayenda mobwerera. Alangizi a ku Domasi amaphunzitsa mlimi kuthira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi kuti madzi abiriwire, chifukwa kubiriwirako ndi tizomera timene makumba amadya, madeya n'kungoonjezera. Mlimi amapisa mkono m'madzi. Chikhatho chikasiya kuoneka madzi atafika m'chigongono, ndiye kuti zili bwino. Chikasowa madzi ali m'munsi, manyowa achuluka, ndipo tizomera tija tidzamaliza mpweya usiku. Uko ndiko kuyasamula kwa m'mamawa kuja.

Makorali amafuna zosiyana ndi zimenezi. Kwawo n'kumadzi oyera ngati galasi, osauka chakudya. Choncho thanki yawo imakhala ndi chida china chotchedwa protein skimmer, chimene chimapukusa madzi ndi mpweya mpaka kuchita thovu. Zonyansa zimamatirira kuthovulo, limakwera n'kugwera m'kapu, ndipo mwini wake amakataya madzi abulauni onunkha masiku angapo alionse. Amene adaonapo thovu la m'mphepete mwa nyanja kukachita mwera, waona momwe chidachi chimagwirira ntchito.

Magetsi akathima

Tsopano tafika pamene pagona nkhani kwa banja la m'dziko muno. Dziwe la mlimi limapuma lokha: lili ndi dzuwa, mphepo ndi ngalande. Thanki ya makorali imapumira kusoketi.

Pamafunika pampu yokweza madzi kuchokera kusefa, mapampu ena okankha madzi ngati mafunde popeza makorali sayenda ndipo amadalira madzi kuwabweretsera chakudya ndi kuwachotsera zonyansa, chida cha thovu chija, ndi nyali zamphamvu zoyaka maola 8 mpaka 10 patsiku m'malo mwa dzuwa. Pamafunikanso hita. Madziwo amayenera kukhala pa madigiri 25, osatsika pa 24 kapena kupyola 27, pomwe usiku wa mu Juni m'mphepete mwa phiri la Zomba munthu amafunda mabulangete awiri. M'chilimwe vuto limatembenuka, ndipo pamafunika fani youzira pamwamba pa madzi, zomwe zimaumitsanso madzi msanga.

Zonsezi, kupatula nyali, siziyenera kuima usana ndi usiku, chaka chonse.

Amalawi sadaiwale zimene zidachitika mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri patsiku mpaka malowa adakonzedwa m'chaka cha 2023. Firiji ikazima, nyama imapirira tsiku. Thanki yodzaza nsomba ikazima, mpweya umayamba kutha m'maola ochepa, makamaka kukatentha, poti madzi ofunda ndi amchere sasunga mpweya wambiri. Mabakiteriya otsekeredwa m'sefa nawo amafa, ndipo magetsi akayaka pampu imapopera zovundazo m'thanki. Zoweta za zaka zitatu zimatha usiku umodzi.

Choncho amene akufunadi ntchitoyi awerengere batire, invata ndi sola ngati mbali ya mtengo wa thanki, osati zodzagula ndalama zikadzapezeka. Mphamvu ikachepa, choyamba kupatsidwa ndi pampu yogwedeza madzi. Nyali zikhoza kudikira masiku awiri kapena atatu, makorali sangafe. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi n'kotsika mtengo, ndipo kapulumutsa nsomba zambiri. Zonse zikakanika pamatsala njira ya manja: kutunga madzi ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, mphindi zingapo zilizonse, mosinthana ndi a pabanja. Nthawi yonse imeneyi nsomba sazipatsa chakudya. Kukazizira, thanki amaifunditsa bulangete.

Pali adani ena a m'nyumba amene mabuku a kunja satchula kawirikawiri. Mankhwala opopera udzudzu ndi utsi wa koyilo ndi poizoni woopsa kwa nsomba, ofanana ndi a m'masikito aja amene alangizi amaletsa kuchapa padziwe. Chitsulo cha kopa chimapha makorali, choncho mwana akaponyamo ndalama yachitsulo kapena kawaya, ndi maliro. Palinso mwana wachifundo amene amagawira nsomba mbamu ya nsima makolo atachoka. Ndipo madzi amchere amayendetsa magetsi kwambiri, motero masoketi akhale pamwamba, kotalikira madontho, ndipo munthu azizimitsa hita ndi mapampu asadapise mkono.

Katupe wa kunyanja yamchere

Funso limene ogula safunsa n'lakuti nsombazi zachokera kuti. Zambiri za m'madzi opanda mchere zimaswedwa m'mafamu. Za m'nyanja yamchere zambiri zimagwidwabe kumatanthwe, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines, ndipo kumeneko asodzi ena amazigwira pozipopera poizoni wa cyanide kuti zikomoke. Nsombayo imafika kushopu ikuoneka yamoyo, n'kudzafa patatha masabata m'nyumba mwa wogula, pomwe makorali a pamalo paja adapsa kale.

Anthu a m'mbali mwa Domasi ndi Likangala akhoza kuona kuti ameneyu ndi katupe yemwe uja. Chilwa itauma mu 1995, mafumu ndi a zausodzi adagwirizana zoletsa kuthira katupe m'maiwe a mitsinje momwe matemba, makumba ndi milamba zidabisala, ndipo nsomba zopulumukazo ndizo zidadzazanso nyanja madzi atabwerera.

Mwayi ulipo pa mitundu ina. Kansomba kofiirira ka mizere yoyera kamene kadatchuka ndi filimu ya Finding Nemo m'chaka cha 2003 kamaswedwa m'mafamu, ndipo makorali ambiri tsopano amachita kudulirana ngati mbewu ya chinangwa. Wogula wanzeru amafunsa zimenezi.

Nsomba yatsopano, kaya yachokera kuti, siilowa m'thanki tsiku lomwelo. Imayamba yakhala payokha m'kathanki kena kwa masabata angapo kuti ngati ili ndi matenda aonekere komweko. Ikaola imodzi zimaola zonse. Alimi a nsomba adaziona mu 2020 pamene matenda a zilonda otchedwa EUS adabuka ku Mchinji, boma n'kuyamba kuletsa kusamutsa nsomba zamoyo m'madera okhudzidwa.

Lamulo la zausodzi nalo sililola munthu kuika nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino kapena kusamutsa nsomba popanda chilolezo, choncho woitanitsa nsomba kunja ayambe wafika ku ofesi ya zausodzi. Ndipo amene watopa nazo asakazitaye mumtsinje. Ku America nsomba yaminga yotchedwa lionfish, imene kwawo ndi kunyanja za India ndi Pacific, idayamba kuoneka kugombe la Florida m'ma 1980, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti idatayidwa ndi oweta m'magalasi. Lero yadzaza nyanja ya Caribbean, ikumeza ana a nsomba za kumeneko. Kuno nako, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ochita malonda a nsomba zokongola adataya mitundu ina ya kumpoto kwa nyanja ya Malawi pachilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear. Idakhazikika, ndipo ina idayamba kuswana ndi eni malowo.

Chuma chili pakhomo

Chodabwitsa n'chakuti pamene Mmalawi akusirira nsomba za ku Indonesia, mzungu wa ku Germany, ku America kapena ku Japan akusirira za ku Nkhata Bay. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko, mitundu mazanamazana imene sipezeka kwina kulikonse. Zotchuka kwambiri ndi mbuna, dzina lochokera kwa Atonga, tinsomba ta m'miyala tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere. Kaamba ka izo, Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, idalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Kuyambira m'ma 1970, Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja pandege kuchokera ku Kambiri Point ku Senga Bay, m'boma la Salima, mpaka pamene adamwalira mu 2007. Mtundu wina udapatsidwa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Masiku ano mbuna zambiri za m'mashopu a kunja zimaswedwa m'mafamu a ku Florida, ku Asia ndi ku Ulaya, ndipo ndalama zake dziko lino silizionako.

Kwa banja la pa boma kapena pamsika waukulu limene likufunitsitsa galasi pabalaza, nzeru ili pa mbuna, osati pa makorali. Mtundu wake suchepa poyerekeza ndi za m'nyanja yamchere, mwakuti oweta akunja amazitcha nsomba za m'matanthwe a madzi ozuna. Sizifuna mchere wa m'ndowa, chida cha thovu kapena nyali zodula. Madzi a pampopi amakwanira akagonekedwa m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri kuti klorini auluke. Zimakonda madzi a laimu pang'ono, ndipo zigoba za nkhono zoswaswa m'sefa zimathandiza. Kutentha kwake ndi madigiri 24 mpaka 27. Mabakiteriya aja, masabata 6 odikira aja, kusintha madzi ndi nkhawa ya magetsi, zonsezo zilipobe, koma mbuna zimapirira kulakwitsa kumene makorali sangakhululuke. Zogwira m'malo otetezedwa a paki n'zoletsedwa, ndipo a zausodzi ndiwo angalozere munthu kwa ogulitsa ovomerezeka.

Zili ndi khalidwe lake. Kwawo zimadya ndere zomera pamiyala, choncho chakudya chake chikhale cha zamasamba, kangachepe, kotha m'mphindi imodzi. Zikamapatsidwa zanyama ndi zonona zimatupa mimba n'kufa, matenda amene oweta padziko lonse adawapatsa dzina la dziko lino, Malawi bloat. Zamphongo n'zandewu zedi. Iliyonse imafuna phanga lake, choncho miyala iunjikidwe yambiri, yokhazikika pansi penipeni chifukwa mbuna zimakumba mchenga, ndipo yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi kuti ukali wake ugawikane.

Zikakhazikika zimaswana m'galasi momwemo. Yaikazi imaikira mazira pamwala n'kuwatola ndi kukamwa nthawi yomweyo, monga achitira chambo ndi makumba, zimene mlimi aliyense wa ku Domasi adaonapo pokolola. Chilunguni chokha ndicho chimalera ana pachisa. Kwa masabata pafupifupi 3 mayiyo sadya kanthu, amabisala kuseri kwa miyala khosi lili tupu, akugubuduza mazira m'kamwa kuti alandire mpweya. Oweta atsopano ambiri amayesa kuti wadwala, n'kuyamba kumuthamangitsa ndi ukonde kuti amupatule, ndipo iye pochita mantha amalavula mazirawo kapena kuwameza. Akasiyidwa pamtendere, tsiku lina m'mawa amatsegula kukamwa pafupi ndi mng'alu wa mwala n'kutulutsa tiana 10, 20 kapena kuposa, tosaposa njere ya mpunga wa ku Domasi.